Land Rover Yokalamba ndi Gasi: Kodi Phindu Lili M'manja mwa Yani?

Pali magalimoto ena amene amakana kufa, ndipo Land Rover ndi imodzi mwa iwo. Chiyambire pamene inaonetsedwa koyamba mumzinda wa Amsterdam pa 30 Epulo 1948, galimoto imeneyi yakhala ikukwera mapiri, kuwoloka mitsinje ndi kupalasa matope m'maiko ambiri. Kuno ku Malawi anthu achikulire akuikumbukira bwino lomwe kuti inali galimoto ya bwanamkubwa wa boma, ya apolisi, ya chipatala ndi ya abambo a ku mishoni. Fakitale ya ku Solihull, ku England, inaleka kupanga Land Rover ya maonekedwe akale aja mu Januwale 2016, komabe zikwizikwi zikadali pamsewu. Thupi lake nlopangidwa ndi aluminiyamu amene sachita dzimbiri ngati chitsulo, zipangizo zake nzosavuta kumasula, ndipo mwini wake akaikonda amaisunga ngati ng'ombe ya m'khola mwake.

Chilema cha galimoto imeneyi, makamaka ija yoyendera petulo, ndi ludzu. Mu 1970 kampani ya Rover inatulutsa Range Rover yokhala ndi injini ya masilinda 8, yotchedwa V8, ya malita 3.5. Injiniyi inachokera ku kampani ya Buick ya ku America, ndipo Rover inagula chilolezo choipanga mu 1965. Pambuyo pake inakuzidwa kufika malita 3.9, 4.0 ndi 4.6, niikidwanso mu Discovery kufikira mu 2004. Mphamvu ili nazo ndithu, koma pa lita imodzi ya petulo imangoyenda makilomita 5 kapena 6. Ndiye kuti ulendo wautali ngati wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ungameze malita oposa 50.

Pofuna kuthana ndi ludzu limeneli, eni magalimoto ambiri a ku Britain anawasintha kuti aziyendera gasi wotchedwa LPG, yemwe ndi mtundu umodzimodzi ndi gasi wophikira uja. Nkhani yawo njoyenera kuilingalira mofatsa, pakuti ikuonetsa kuti luso la makaniko, ngakhale likhale lalikulu chotani, ndi theka chabe la ntchitoyi. Theka linalo lili m'manja mwa anthu awiri amene mwini galimoto sangawalamule: wokhometsa msonkho ndi mwini malo omwetsera mafuta.

Gasi ameneyu ndi wotani?

LPG ndi msanganizo wa mipweya iwiri, propane ndi butane, imene imapezeka poyenga mafuta ndiponso pokumba gasi wa pansi pa nthaka. Katswiri wa ku America, Walter Snelling, ndiye anayamba kuifufuza cha m'ma 1910 pamene anali kuona chimene chimachititsa kuti petulo aziuluka m'thanki. Propane amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro, kotero kuti pamtetete amakhala mpweya nthawi zonse. Koma akapanikizidwa m'chotengera cholimba, ndi mphamvu yoposa katatu ya mpweya wa m'tayala la galimoto, amasanduka madzi. Lita imodzi ya madzi amenewo ikamasulidwa imafufuma nkukhala malita oposa 250 a mpweya. Nchifukwa chake thanki yaing'ono imatha kusunga gasi wokwanira ulendo wautali.

Makhalidwe atatu a gasiyu ngofunika kuwadziwa. Loyamba, ngolemera kuposa mpweya umene anthu amapuma. Akadontha sakwera kumwamba ayi, koma amayenderera pansi nkukadikha m'maenje, m'ngalande ndi pansi pa mipando, kudikira kamoto kakang'ono. Lachiwiri, mwachibadwa alibe fungo. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno izichenjeza. Lachitatu, kukatentha madzi ake amafufuma kwambiri, ndipo nchifukwa chake thanki ya gasi saidzaza kupyola magawo 80 mwa magawo 100. Thanki yolembedwa malita 100 imalandira malita 80 okha.

Ntchito ya makaniko

Wosintha galimoto sachotsa thanki ya petulo. Amangowonjezera njira yachiwiri ya chakudya cha injini, ndipo woyendetsa amasankha ndi kabatani pafupi ndi chiwongolero. Choyamba kuikidwa ndi thanki ya chitsulo chochindikala. Ena amaiika kumbuyo, m'malo a katundu; ena amagula yozungulira ngati nkhata yolowa pamalo pa tayala lapadera; enanso amamangirira matanki awiri ang'onoang'ono kunsi, m'mbali mwa chesisi. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Thanki ya kumbuyo imalanda malo a matumba ndi a anthu. Ya kunsi imasiya malo onse, koma galimoto ya m'tchire imagunda miyala ndi zitsa, motero thanki yotere imafunika chishango chachitsulo ndipo isalendewere kupyola chesisi. Walira mvula walira matope.

Pakamwa pa thankiyo pamakhala mavalavu angapo, ndipo moyo wa okwera uli pa iwowa. Ina imatseka yokha gasi akafika pa magawo 80 aja. Ina imatseka paipi ikaduka pangozi. Ina ya magetsi imatseka injini ikazima. Yotsiriza imatulutsa gasi pang'onopang'ono thanki ikatenthedwa ndi moto, kuti isaphulike. Kufunika kwa valavu yotsirizayi kunaoneka ku Vénissieux, pafupi ndi mzinda wa Lyon ku France, mu Januwale 1999, pamene galimoto ya gasi imene inali kuyaka inaphulika nkuvulaza ozimitsa moto angapo. Thanki yake inalibe valavu imeneyi, ndipo pambuyo pa ngoziyo boma la France linalamula kuti izikhalapo. Ku Ulaya zipangizo zonsezi zimayesedwa potsata lamulo la United Nations lodziwika ndi nambala 67, ndipo nambalayo imadindidwa pa thanki yovomerezeka.

Kuchokera m'thanki gasi amayenda ali madzi m'paipi kufika kutsogolo, kumene amalowa m'kachipangizo kotchedwa vaporiser. M'menemo ndi momwe amasandukiranso mpweya. Posanduka choncho amazizira koopsa, kotero kuti kachipangizoka kamafunditsidwa ndi madzi otentha ochokera ku injini. Ichi ndicho chifukwa chake galimoto yotere imalizidwa ndi petulo m'mawa, nisinthira ku gasi injini ikatentha. Pa injini zakale za kabyuleta, gasi amalowera pa kamphete kamodzi kotchedwa mixer, kamene kamamusakaniza ndi mpweya. Njira imeneyi njotsika mtengo ndi yosavuta kukonza, koma moto ukabwerera m'mbuyo msanganizo wonse umaphulikira m'njira ya mpweya nkuswa zipangizo. Pa injini zam'mbuyo muno amaika kothirira gasi pa silinda iliyonse, ndipo kakompyuta ndiko kamayeza mlingo wake. Pa V8 ndiye kuti tothirira 8, mabowo 8 ndi mawaya ambiri, ndipo mtengo umakwera.

Gasi sachiza injini yodwala

Pali chikhulupiriro chakuti galimoto yotopa ikaikidwa gasi imatsitsimuka. Zoona zake nzakuti gasi amaulula matenda amene petulo anali kubisa. Kuti ayake amafuna moto wamphamvu kuposa wa petulo, motero mapulagi otha ndi mawaya ong'aluka, amene dzulo anali kungoyenda nawo, lero amayamba kuphonya. Rediyeta yotsekeka ndi mapaipi a madzi ofumbwa nazo zimadziwika msanga, pakuti vaporiser ikasowa madzi otentha imaundana ndipo galimoto imaima.

Vuto lalikulu lili pa mipando ya mavalavu a injini. Petulo wakale anali ndi mtovu umene unali kuteteza malo amene valavu imamenyapo potseka. Gasi ngouma, alibe chotetezera chilichonse. Injini za petulo za malita 2.25 za Land Rover zakale, zimene mutu wake ngwachitsulo chofewa, zimadyeka pamalo amenewa pang'onopang'ono kufikira valavu italowa m'kati, mphamvu nkutha. Mankhwala ake ndi kuikiratu mipando yolimba, kapena kabotolo kodonthezera mafuta apadera m'njira ya mpweya. Injini ya V8 ili ndi mwayi pamenepa, poti mutu wake wa aluminiyamu unabwera kale ndi mipando yoikamo yolimbirapo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene inatchukira pa ntchito imeneyi.

Injini ya dizilo ndiye nkhani ina. Ilibe mapulagi, mafuta ake amayaka okha chifukwa cha kupanikizika kwa mpweya. LPG ali ndi khalidwe losiyana kotheratu, lokana kuyaka yekha ngakhale apanikizidwe, ndipo khalidwe limenelo ndilo limamuyenereza mu injini ya petulo. Motero injini ya dizilo singayendere gasiyu payekha. Chotheka nkungothirako pang'ono pamwamba pa dizilo, ndipo phindu lake nlochepa.

Masamu ake

Injini ikakhala yabwino ndipo mmisiri akagwira ntchito yolongosoka, funso lotsala ndi la ndalama. Lita ya gasi ili ndi mphamvu zochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, kotero kuti galimoto imamwa malita ochulukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo 5, kapena kuyandikira pamenepo. Mwachitsanzo, galimoto yoyenda makilomita 15,000 pachaka, pa makilomita 6 lita iliyonse, imafuna malita 2,500 a petulo. Pa gasi idzafuna malita 3,000. Ngati lita ya gasi ikugulidwa theka la mtengo wa petulo, malita 3,000 amenewo adzadya ndalama zofanana ndi za malita 1,500 a petulo, ndipo mwini galimoto wapulumutsa mtengo wa malita 1,000 pachaka.

Umu ndi momwe zinthu zinaliri ku Britain m'chaka cha 2000. Mu Sepitembala chaka chimenecho alimi ndi oyendetsa malole anatseka zipata za malo oyengera mafuta podandaula za mtengo, pamene lita ya petulo inali cha pa makobiri 80, makobiri 100 kukhala paundi imodzi. Gasi anali pafupifupi theka la mtengowo. Malita 1,000 pa makobiri 80 ndi £800, kotero kuti munthu amene analipira £1,600 posintha galimoto yake anali kubweza ndalama zake m'zaka ziwiri zokha. Masamu otere sanafune wonyengerera.

Koma masamu omwewo akatembenuzidwa amaonetsa nkhope ina. Gasi akakwera kufika magawo atatu mwa magawo anayi a mtengo wa petulo, malita 3,000 aja amadya ndalama za malita 2,250, ndipo chopulumuka ndi mtengo wa malita 250 basi. Zaka ziwiri zija zasanduka zaka 8, ndipo galimoto yokalamba kale mwina sidzazifika. Akakwera kufika magawo 5 mwa magawo 6, phindu lonse latha. Tsono phindu la ntchito yonseyi lagona pa mpata wa pakati pa mitengo iwiri, ndipo mpata umenewo sapanga ndi makaniko.

Dzanja la boma ndi dzanja la wamalonda

Gawo lalikulu la mpatawo ndi msonkho. Mu 2001 boma la Britain linatsitsa msonkho wa gasi wa magalimoto kufika makobiri 9 pa kilogalamu, pamene petulo anali kukhomeredwa makobiri oposa 45 pa lita. Kilogalamu ya gasi ndi pafupifupi malita awiri, ndiye kuti pa lita msonkho wa gasi sunafike makobiri 5. Mu 2011 msonkho unali makobiri 31.61 pa kilogalamu ya gasi ndi 57.95 pa lita ya petulo, ndipo mu Malichi 2022 yonse iwiri inatsitsidwa kufika 28.88 ndi 52.95. Kutchipa kwa gasi kunali mphatso ya nduna ya zachuma, ndipo chimene nduna yapereka nduna ina ingathe kuchilanda.

Ku Australia ndi momwemo momwe zinachitikira. Kumeneko eni Land Cruiser ndi Nissan Patrol za petulo nawonso anali kuthamangira gasi, makamaka kuyambira mu 2006 pamene boma linayamba kupatsa munthu aliyense wosintha galimoto yake madola 2,000 a m'dzikomo. Mu Disembala 2011 boma linayamba kukhometsa msonkho pa gasi, umene kale kunalibe, ndipo unali kukwera chaka ndi chaka. Mu 2014 thandizo la ndalama lija linathetsedwa. Mafakitale a Ford ndi Holden, amene anali kupanga magalimoto a gasi m'dzikomo, anatsekedwa mu 2016 ndi 2017. Ogula atachepa, mapampu nawo anayamba kuzulidwa.

Ku Britain boma silinabweze dzanja lake kwenikweni, pakuti msonkho wa gasi unakhalabe wotsika. Amene anabweza dzanja ndi amalonda. Anthu ambiri anatembenukira ku magalimoto a dizilo osamwa mafuta, opanga magalimoto analeka kugulitsa a gasi, ndipo injini zatsopano zinakhala zovuta kusintha. Pampu ya gasi imafuna thanki yakeyake, malo otalikirana ndi nyumba ndi kuyesedwa kawirikawiri. Ogula akachepa, wamalonda amawerenga ndalama zake naye. Mu 2020 kampani ya Autogas, imene inali ya Shell ndi Calor pamodzi, inatsekedwa, ndipo mapampu ake anachotsedwa. Mu 2022 kampani ya Motor Fuel Group, mwini malo ambiri omwetsera mafuta, inalengeza kuti idzachotsa mapampu ake onse a gasi pofika 2024. Malo ogulitsa gasi amene kale anaposa 1,000 atsala mazana owerengeka, ndipo pamene palibe wopikisana naye wogulitsa sachita manyazi kukweza mtengo. Mwini Range Rover amene thanki yake ikadali yolimba, mavalavu ake ali bwinobwino, akupezeka akuyendera petulo uku atanyamula thanki yopanda kanthu. Atafuna kuwolokera ku France kumene mapampu alipo, sitima yonyamula magalimoto yodzera m'ngalande ya pansi pa nyanja siilola galimoto ya gasi, ngakhale thanki ikhale youma. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mbali ina ya mlandu

Kungakhale kukondera kunena kuti gasi walephera ponseponse. Ku Turkey magalimoto oposa 4 miliyoni amayendera LPG, ku Poland pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ku Italy kuli makampani akale ngati Landi Renzo amene ntchito yawo ndi kupanga zipangizo zimenezi. Kampani ya Dacia imagulitsa magalimoto atsopano otuluka m'fakitale ali ndi matanki awiri. Ubwino wa gasi nawo ngosakanika: utsi wake ulibe mwaye wochuluka, mpweya wotenthetsa dziko umene amatulutsa ngochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo poyerekeza ndi petulo, ndipo oilo wa mu injini sada msanga. Ndiponso kusunga galimoto yakale ikugwira ntchito nkwanzeru kuposa kuitaya kudzala nkukasungunula zitsulo za ina.

Komatu maiko amenewa akuchitira umboni mfundo yomweyo. Kumene gasi wakhazikika, nchifukwa chakuti msonkho unakhala wotsika kwa zaka zambiri, ogula nkuchuluka, mapampu nkufalikira m'tauni ndi m'midzi momwe, amisiri ophunzitsidwa nkupezeka paliponse. Zinthu zinayi zimenezi zimagwirana ngati mafuwa ndi mphika. Chimodzi chikagwa, nsima yatayika. Munthu wa ku Poland ndi wa ku England angagule zipangizo zofanana, za fakitale imodzi, koma wina nkupindula wina nkulira.

Chaona mnzako chapita

Amalawi akudziwa kuwawa kwa kugona pamzere wa mafuta. Zinachitika mu 2011 ndi 2012, ndipo zinabweranso kuyambira mu 2022. Pa nthawi zotere nzosadabwitsa kuti mwini galimoto ayang'ane silinda ya gasi ya kukhitchini ndi diso lachiyembekezo. Koma ayenera kukumbukira zinthu zingapo. Gwero la mizere ija linali kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo gasi naye amachokera kunja, amabwera pa malole ndipo amagulidwa ndi madola omwewo. Land Cruiser ndi mapikapu ambiri a m'dziko muno ndi a dizilo, amene gasiyu sangawayendetse payekha. Ndipo silinda yophikira sinapangidwire galimoto: iyenera kuima chilili, ilibe valavu yotseka paipi ikaduka, ndipo kuimangirira ndi zingwe kumbuyo kwa mpando, ndi paipi ya labala yopita ku injini, nkunyamula maliro a banja lonse. Makaniko wa pansi pa mtengo angakhale waluso ndithu pa giya ndi mabuleki, koma gasi salola kuphunzirira pa iye. Ngati tsiku lina malonda amenewa adzayamba kuno, bungwe la MERA ndi la Malawi Bureau of Standards adzayenera kutsogoza malamulo a matanki, a amisiri ndi a mapampu, galimoto yoyamba isanabooledwe.

Palinso funso la kumene gasi wochepa amene dziko lingathe kugula ayenera kupita. Malita 3,000 a chitsanzo chija ndi makilogalamu oposa 1,500, kapena masilinda oposa 100 a makilogalamu 14. Ngati banja limatha silinda imodzi pamwezi, gasi wa galimoto imodzi angaphikire mabanja 8 kapena 9 chaka chathunthu. M'dziko limene mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo mapiri ake akumetedwa mpala, gasi ali ndi ntchito yaikulu pa mphika kuposa mu injini ya masilinda 8.

Munthu wofuna kusintha galimoto yake yokalamba, kaya ali ku Leeds, ku Perth kapena kwina kulikonse, ayambe wafunsa mafunso atatu asanapite ku galaja. Kodi injini yake njapetulo ndipo njamoyo? Kodi mmisiri wake ngovomerezeka, woti kampani ya inshuwalansi idzalandira chikalata chake? Nanga pampu imene akuidalira idzakhalapobe, pa mtengo womwewo, kufikira ndalama zake zitabwerera? Mafunso awiri oyambawo angathe kuwayankha yekha ndi sipanala ndi maso ake. Lachitatu ndilo linagwetsa anzake a ku Britain ndi ku Australia, ndipo amene sangaliyankhe ndi mtima wokhazikika achita bwino kusunga ndalama zake, nakonzetsa mapulagi, kabyuleta ndi matayala, kuti ludzu la galimoto yake lichepeko ndi njira zimene zili m'manja mwake.